Maginito ndi magetsi osayenda: pamene zimasiyana ndi pamene zimakumana

Pafupifupi mwana wasukulu aliyense anakwechapo lula kapena bolopeni m'tsitsi n'kutola nayo tizidutswa ta pepala. Ambiri anaseweretsaponso maginito ochotsa m'sipika ya wailesi yakufa, kumawaguza mumchenga kuti atole tifumbi takuda tija. Zonse ziwirizi zimakoka chinthu zisanachikhudze, ndipo n'chifukwa chake ophunzira ambiri amafika Fomu 3 akuganiza kuti lula yokwechedwa ija yasanduka maginito. Sinasanduke. Ikani maginito pamwamba pa tizidutswa ta pepala, palibe kamene kadzuke. Mangani lula yokwechedwa pa ulusi, siloza kumpoto. Izi ndi mphamvu ziwiri zosiyana: ya lula ija ndi ya magetsi osayenda, ochokera ku tchaji, inayo ndi ya maginito, ndipo amene wazisakaniza m'mutu amavutika mpaka pa mayeso a MSCE. Komabe pali malo amodzi pamene zimakumana, ndipo magetsi ambiri a m'nyumba zathu amachokera pamalo amenewo.

Tchaji imachokera kuti

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali maprotoni, omwe ali ndi tchaji ya pozitivu, ndi manyutironi omwe alibe tchaji. Kunja kwake kuli maelekitironi, omwe ali ndi tchaji ya negetivu. Nthawi zambiri maprotoni ndi maelekitironi amakhala ofanana kuchuluka, choncho tchaji zawo zimafafanizana, chinthucho n'kukhala chopanda tchaji.

Mukakwecha zinthu ziwiri zosiyana, maelekitironi ena amachoka pa chimodzi n'kukakhala pa chinzake. Chipeso cha pulasitiki chimalanda maelekitironi ku tsitsi, choncho chipeso chimakhala negetivu ndipo tsitsi limatsala pozitivu. Galasi lokwechedwa ndi nsalu ya silika limataya maelekitironi n'kukhala pozitivu. Apa ndi pamene ambiri amaluzira malikisi: amalemba kuti galasi lalandira maprotoni. Maprotoni sasuntha, anamangika pakati pa atomu. Chinthu cholimba chimakhala pozitivu chifukwa choti chataya maelekitironi basi. Ndipo kukwecha sikulenga tchaji yatsopano. Kumangoisamutsa. Imene chipeso chapeza ndi yomweyo imene tsitsi lataya.

Anthu anaziona izi kalekale asanazimvetse. Agiriki akale ankadziwa kuti amber, utomoni wa mitengo umene unauma n'kulimba ngati mwala, ukakwechedwa umatola nthenga ndi timaudzu. Mu 1733 Charles du Fay wa ku France anaonetsa kuti tchaji ilipo ya mitundu iwiri, ndipo Benjamin Franklin ndi amene anaipatsa mayina oti pozitivu ndi negetivu. Elekitironi yeniyeniyo inadzatulukiridwa mu 1897 ndi J.J. Thomson ku Cambridge.

Lamulo lake n'lalifupi: tchaji zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Mu 1785 Charles Coulomb anayeza mphamvuyi n'kupeza kuti imachepa mofulumira zinthu zikatalikirana. Mtunda ukachulukitsidwa kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Ukachulukitsidwa katatu, imatsala gawo limodzi mwa magawo 9. Muyezo wa tchaji unatenga dzina lake, coulomb (C). Elekitironi imodzi ili ndi tchaji ya 1.6 × 10⁻¹⁹ C, kutanthauza kuti pamafunika maelekitironi pafupifupi 6.25 × 10¹⁸ kuti pakwane coulomb imodzi.

Funso limene ndimalikonda ndi ili: pepala lija palibe analikwecha, lilibe tchaji, ndiye limakokedwa bwanji? Lula ya negetivu ikayandikira, imakankhira maelekitironi a m'pepala kumbali yakutali pang'ono chabe. Mbali yoyang'anizana ndi lula imakhala ndi pozitivu wochulukirapo, mbali inayo negetivu. Ndiye pali kukokana ndi kukankhana nthawi imodzi, koma pozitivu ali pafupi, ndipo malinga ndi zimene Coulomb anapeza, wapafupi ndiye amapambana. M'mabuku izi amazitcha electrostatic induction. Kamtsinje kochepa ka madzi a pampopi kamapindikira ku chipeso chokwechedwa pa chifukwa chofananacho. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa tidzaipezanso mumtambo wa mvula.

Nanga bwanji supuni yachitsulo siichita zimenezi ngakhale muikweche tsiku lonse? Imalandira tchaji ndithu, koma m'zitsulo maelekitironi amayenda momasuka, choncho tchaji imadutsa m'dzanja lanu, m'thupi, n'kulowa pansi. Pulasitiki, labala, galasi ndi tsitsi louma sizilola maelekitironi kuyenda, ndiye tchaji imakhala pomwe yaikidwapo. N'chifukwa chake timati magetsi osayenda. Mutagwira supuni ija ndi chogwirira cha pulasitiki, nayonso ingasunge tchaji.

Chinyontho nachonso chimaba tchaji. M'miyezi ya mvula, zinthu zimakhala ndi kachinyezi kosaoneka kamene kamapatsa tchaji njira yothawira. Mphunzitsi akaonetsa phunziroli mu Januwale, nthawi zina tizidutswa ta pepala timangokhala phee, ana n'kuyamba kukayikira buku. Aonetsenso mu Ogasiti kapena Seputembala, kunja kutauma, timalumpha tokha. Ndi nyengo yomweyo imene juzi kapena bulangete limathetheka usiku, mumdima n'kumaoneka timoto tabuluu, ndipo chitseko cha galimoto chimakulasa ukangochigwira. Mpweya wouma sulola magetsi kudutsa mpaka atafika mavoti pafupifupi 3,000 pa milimita imodzi. Choncho kamoto kakang'ono kochoka pachala kamakhala ka mavoti masauzande angapo. Sikapha chifukwa tchaji yake ndi yochepa kwambiri ndipo imatha m'kanthawi kosakwana kuphethira. Koma pamene pali nthunzi ya petulo kamoto komweko n'kokwanira kuyatsa moto, n'chifukwa chake thanki yobweretsa mafuta pa filing'i siteshoni amayamba ailumikiza pansi ndi waya asanatsegule mapaipi. Mbali yabwino iliponso: makina a fotokope amagwiritsa ntchito tchaji yomweyi kukokera inki yaufa pamalo oyenera, njira imene Chester Carlson anayamba kuionetsa mu 1938.

Mphenzi

Mphenzi ndi kamoto ka bulangete komwe kaja, koma pamlingo woopsa. M'kati mwa mtambo wautali wa mvula, mphepo imakwera mwamphamvu, ndipo kumwambako kumazizira mpaka madzi kuundana. Tizidutswa topepuka ta ayisi timawombana ndi timatalala tolemerako. Topepuka timatenga tchaji ya pozitivu n'kukwera pamwamba, tolemera timatenga negetivu n'kutsala m'munsi. Tsopano tsinde la mtambo lili ngati lula ija, ndipo nthaka ili ngati pepala: maelekitironi a pansi amakankhidwa, pamwamba pa nthaka n'kutsala pozitivu, makamaka pa zinthu zazitali monga mtengo, nsanja ya foni, kapena munthu amene waima yekha padambo. Tchaji ikachuluka mpweya umalephera kutchinga, njira imatseguka.

Mphenzi imodzi imanyamula maampeya (muyezo wa magetsi oyenda) pafupifupi 30,000 ndipo imatenthetsa mpweya kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuposa pamwamba pa dzuwa kasanu. Mpweyawo umafufuma mwadzidzidzi, ndipo phokoso lake ndilo bingu. Kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Mukaona ching'aning'ani werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi.

Franklin anaulutsa kaiti yake mu 1752 pofuna kuonetsa kuti mphenzi ndi magetsi. Anali ndi mwayi. Chaka chotsatira Georg Richmann anafa ku St Petersburg akuyesa zofananazo ndi ndodo yachitsulo. Chimene chinatsala pa ntchito ya Franklin ndi chitsulo chosongoka chimene mumachiona pamwamba pa matchalitchi ndi nyumba zazitali, cholumikizidwa ndi lamba wokhuthala wa mkuwa mpaka m'nthaka. Ntchito yake ndi kupatsa mphenzi njira yosavuta yopitira pansi kuti isadutse m'khoma kapena m'denga.

Nkhani iyi ndimaitenga kukhala yofunika kuposa mayeso. Chaka chilichonse, kuyambira Novembala mpaka Epulo, timamva za ana ophedwa ndi mphenzi pobwera kusukulu, pabwalo la mpira, kapena atabisala pansi pa mtengo wa mango. Mu Disembala 1975, kum'mawa kwa dziko limene lero ndi Zimbabwe, mphenzi imodzi inapha anthu 21 amene anabisala m'kanyumba kamodzi. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti zovala zofiira zimaitana mphenzi, kapena kuti munthu angathe kuitumiza kwa mnzake. Mtundu wa nsalu sulowapo. Chimene chimalowapo ndi kutalika kwa chinthu, kuima chokha, ndi njira yodutsa tchaji. Bingu likamveka, chokani pamtetete, m'madzi, m'bwato ndi pansi pa mtengo. Nyumba yolimba ya njerwa kapena galimoto ya denga lachitsulo yotseka mawindo ndiye pobisala. Chisakasa ndi khumbi sizitchinjiriza. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatulukenso. Ndipo munthu amene wawombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni, muthandizeni kupuma, muthamangire naye kuchipatala.

Maginito

Maginito amasankha. Tchaji imakoka pepala, tsitsi, fumbi, madzi, chilichonse chopepuka. Maginito amakoka mwamphamvu zitsulo zochepa chabe: ayironi, stilo (chitsulo cholimba chopangidwa kuchokera ku ayironi), nikelo ndi kobati. Msomali, singano ndi khasu zimamata. Malata amamatanso, chifukwa pansi pa zinki wonyezimirayo pali stilo. Koma poto wa aluminiyamu ndi waya wa mkuwa sizimva kanthu, ngakhale ndi zitsulo zodutsitsa magetsi bwino kwambiri. Tifumbi takuda ta mumchenga tija nthawi zambiri ndi magnetite, mwala wokhala ndi ayironi, ndipo zidutswa zina za mwala womwewu ndizo zinali maginito oyamba amene anthu anawadziwa. Ku China, Shen Kuo analemba za singano yoloza kumwera cha m'ma 1088.

Maginito aliwonse ali ndi nsonga ziwiri pamene mphamvu imachuluka, zimene m'kalasi timati ma pole. Mukawamanga pa ulusi n'kuwasiya, nsonga imodzi imaloza kumpoto, ndiyo N, inayo kumwera, ndiyo S. N ndi N zimakankhana, S ndi S zimakankhana, N ndi S zimakokana. Lamuloli likufanana ndi la tchaji, ndipo apa ndi pamene chisokonezo chimayambira. Pali amene amalemba kuti N ndi pozitivu, S ndi negetivu. Ayi. Maginito a pa desiki panu alibe tchaji yotsalira ngakhale pang'ono.

Kusiyana kwakukulu kumaoneka mukadula. Tchaji mungathe kuilekanitsa: chipeso chonse negetivu, tsitsi lonse pozitivu, wina n'kupita nacho chipeso kunyumba kwake. Maginito mukawadula pakati simupeza N payekha ndi S payekha. Mumapeza maginito awiri, aliwonse ndi N ndi S yake. Dulaninso, akhala anayi. Mpaka lero palibe amene anapezapo nsonga imodzi ili yokha.

Chifukwa chake chili m'kati mwa chitsulo. Mu ayironi, maatomu amakhala m'timagulu totchedwa ma domain, ndipo kagulu kalikonse n'kamaginito kakang'ono. Mu msomali wamba timaguluti timaloza uku ndi uku, mphamvu zawo n'kufafanizana. Zili ngati ana asukulu pa nthawi ya buleki, aliyense akuyang'ana kwake. Belu la asembule likalira onse amatembenukira mbali imodzi. Msomali umasanduka maginito timagulu tija tikatembenukira kumodzi. Mungachite zimenezi pousisita ndi nsonga imodzi ya maginito, kuchokera kumutu kupita kunsonga, kukweza dzanja m'mwamba, n'kuyambiranso kumutu, osabwerera chammbuyo. Mungachitenso pouika m'koyilo, kutanthauza waya wokulungidwa mikombero yambiri, modutsa magetsi a batire. Ndipo mukamenya maginito ndi hamala, kuwagwetsagwetsa kapena kuwaotcha, timagulu timabalalikanso. Ayironi akafika madigiri 770 amasiyiratu kumva maginito mpaka atazizira.

Ayironi wofewa amatembenuka msanga n'kuiwalanso msanga. Stilo imavuta kuitembenuza koma ikatembenuka imasunga. Choncho maginito okhalitsa, monga singano ya kampasi yolozera kumpoto, amapangidwa ndi stilo, pamene maginito oyatsa ndi kuzimitsa amafuna ayironi wofewa. Funso limeneli silisowa pa mayeso. Lina losasowa ndi ili: mwapatsidwa kachitsulo, mungadziwe bwanji kuti ndi maginito? Kukokana si umboni, chifukwa maginito amakokanso chitsulo wamba. Umboni ndi kukankhana. Ngati nsonga imodzi ya kachitsuloko ikukankha maginito anu, ndiye kuti nakonso ndi maginito. Mfundo yomweyi imagwiranso ntchito pa tchaji, poti chinthu cha tchaji chimakoka ngakhale chopanda tchaji.

Dera lozungulira maginito, mmene mphamvu yake imamveka, ndilo magnetic field. Ikani pepala pamwamba pa maginito, wazani utuchi wa chitsulo, gogodani pang'ono, muona mizere yokhota ikudzijambula yokha. Pojambula, mivi imachoka ku N kupita ku S kunja kwa maginito, mizere sidutsana, ndipo pamene yathithikana ndi pamene pali mphamvu zambiri.

Dziko lenileni nalonso lili ndi dera loterolo. William Gilbert, dokotala wa ku England, ananena mu 1600 kuti dziko ndi maginito aakulu. Koma si kuti pakati pa dziko pali chitsulo cholimba cha maginito, chifukwa kumeneko n'kotentha kuposa madigiri 770 kutalitali. Mphamvuyi imachokera ku ayironi wosungunuka amene amayendayenda m'kati mwa dziko atanyamula magetsi. Ndi yofooka, pakati pa 25 ndi 65 microtesla (tesla ndi muyezo wa mphamvu ya maginito, ndipo microtesla ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a tesla), pamene makina a MRI, ounikira m'kati mwa thupi kuchipatala, amafika 1.5 kapena 3 tesla. Pali kanthu kamene kamadabwitsa ophunzira: ngati N ya kampasi ikuloza kumpoto, ndipo N imakokedwa ndi S, ndiye kuti kumpoto kwa dziko kuli S ya maginito. Ndi zoona. Miyala yakale imasonyezanso kuti nsonga ziwirizi zakhala zikusinthana malo, komaliza zaka pafupifupi 780,000 zapitazo.

Maginito amphamvu kwambiri amene amagulitsidwa masiku ano, aja ang'onoang'ono a m'mahedifoni ndi m'mamota a galimoto zamagetsi, amapangidwa ndi chitsulo chotchedwa neodymium chosakaniza ndi ayironi ndi boroni, ndipo anatulukiridwa m'zaka za m'ma 1980. Neodymium amapezeka m'miyala imene makampani a migodi akuifuna ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe. Wophunzira amene wamvetsa phunziroli amvetsanso chifukwa chimene maiko akutali akuyang'anira mapiri amenewa.

Pamene ziwirizi zimakumana

Kwa zaka mazana ambiri akatswiri ankaphunzira maginito paokha, magetsi paokha. Mu 1820 ku Copenhagen, Hans Christian Ørsted anaona singano ya kampasi ikutembenuka pamene magetsi a batire ankadutsa mu waya umene unali pafupi. Atadula magetsi, singano inabwerera. Tchaji yongokhala siipanga maginito, koma ikangoyamba kuyenda, dera la maginito limabadwa mozungulira wayayo. Mungazione nokha ndi batire la tochi, waya ndi kampasi. Yalani waya pamwamba pa singano motsatira kumene ikuloza, gunditsani ku batire kwa sekondi imodzi kapena ziwiri zokha poti waya amatentha, kenako tembenuzani batire muone singano ikupita mbali inayo. Musayese ndi magetsi a pasoketi.

Mukakulunga waya wokutidwa kuzungulira msomali kambirimbiri, timphamvu ta mkombero uliwonse timaphatikizana, ndipo timagulu ta mumsomali timatembenukira kumodzi. Amenewo ndiwo maginito amagetsi. Amakula mphamvu mukachulukitsa mikombero, mukawonjezera magetsi, kapena mukaika ayironi wofewa pakati. Belu lamagetsi, sipika, sitata ya galimoto ndi mota ya chigayo zonse zimadalira zimenezi. Ndipo mukafunsa kuti nanga maginito a stilo opanda batire aja mphamvu amaitenga kuti, yankho likubwereranso ku elekitironi: iliyonse ndi kamaginito pakokha, ndipo mu ayironi zambiri zimagwirizana mbali yoloza.

Michael Faraday anafunsa funsolo chobwerera: ngati magetsi amabala maginito, kodi maginito angabale magetsi? Mu 1831 ku London anapeza kuti inde, koma pokhapokha pali kusintha. Maginito ongokhala m'kati mwa koyilo, ngakhale akhale amphamvu chotani, satulutsa kanthu. Alowetseni, singano ya mita yoyezera magetsi yolumikizidwa ku koyiloyo igwedezeka. Aimitseni, ibwerera pa ziro. Atulutseni, igwedezekera mbali ina. Mukafulumiza dzanja kapena kuchulukitsa mikombero, magetsi amachuluka.

Dayinamo ya njinga imachita zomwezi: tayala limazungulitsa maginito pafupi ndi koyilo, ndipo mukaima nyali imazima. Ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi a mtsinje wa Shire amagwa n'kuzungulitsa makina amene amatembenuza maginito aakulu amagetsi m'kati mwa makoyilo a mkuwa. Magetsi otuluka mmenemo amasinthasintha mbali, kupita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi, ndipo kusinthasintha kumeneku ndiko kumalola thiransifoma kugwira ntchito. M'thiransifoma muli makoyilo awiri osakhudzana, okulungidwa pa ayironi wofewa mmodzi. Koyilo yoyamba imapanga dera la maginito losinthasintha, yachiwiri imalandira magetsi kuchokera ku kusinthako, ndipo kuchuluka kwa mikombero ndiko kumanena ngati mavoti akwere kuti ayende ulendo wautali pa mawaya a ESCOM, kapena atsike kufika pa 230 olowa m'nyumba. Mukalumikiza thiransifoma ku batire la galimoto, koyilo yachiwiri imangotulutsa magetsi kamodzi polumikiza ndi kamodzi podula, pakati ponsepo siitulutsa kanthu, chifukwa magetsi a batire sasintha mbali.